Mnzanga Savala Siketi

Lachinayi, 17 Julayi, 9 koloko m'mawa, nditangomaliza kutsuka mbale

Amake Namwino,

Mwadzuka bwanji kumeneko? Ine ndadzuka, bondo lokha ndi limene likulankhula. Ndakhala pansi kuti ndikulembereni chifukwa dzulo nditafika pa saluni yanu munandionera pagalasi n'kuthawira kuseri kwa katani, ndipo amayi amene munkawaluka tsitsi anandiuza kuti mwachoka. Mapazi anu ankaoneka pansi pa kataniyo. Sindikukudandaulani. Inenso ndikanabisala, kungoti ine ndikanakweza mapazi.

Nkhani mukuidziwa, koma mwina mudzawerengera ena, ndiye ndiyambe poyamba. Mdzukulu wanga, amuna anga aja ndinawalera ndekha chimwalirire mayi wawo, analowa mpingo wa a Momoni ali ku sekondale, ndipo kumapeto kwa chaka chatha anatumizidwa kutali kukalalikira zaka ziwiri. Asananyamuke anagwirizana ndi mwana wanu Namwino kuti adikirana. Ine ndinakondwa mpaka ndinayamba kumutcha mkazi mnzanga. Kenako mwezi wa Meyi ndinalowa mu saluni yanu mutadzaza anthu, n'kunena kuti mnyamatayo wakwatira uko, wapereka mimba, n'kumusiya mkaziyo. Chiyambire tsiku limenelo mwana wanu sanamulemberenso, ndipo anabwerera kusukulu yake ya unamwino osanditsanzika.

Mu envulopu muno muli makalata onse, ake ndi anga. Pafoni sitilankhulana, mawu ake amamveka ngati udzudzu. Makalata anga anandibwezera yekha, akuti mwana wanu aone pamene ndinapotokera. Ndawasanja monga anabwerera. Sukulu ndinailekera panjira, ndiye mukaona chilembo chagona chammbali musachidzutse, ingowerengani.

Lolemba, 3 Febuluwale

Akazi anga okondedwa,

Muli bwanji? Bondo lija lasiya kukuvutitsani? Ine ndili bwino. Lolemba ndi tsiku lathu lochapa, kugula zakudya ndi kulemba makalata, ndiye makalata anga onse azikhala a Lolemba.

Tikukhala pamwamba pa shopu yogulitsa penti. Zovala zanga zonse zikumveka penti, ngakhale buledi. Zenera lathu layang'ana pokwerera mabasi, moti wotchi yodzutsa sitiifuna. Tikadzuka timapemphera, kudumphadumpha pang'ono kuti magazi ayende, kenako kuwerenga malemba ndi kuphunzira chilankhulo cha kuno. Chilankhulochi chikundipinda lilime. Sabata yatha ndimafuna kuuza bambo wina kuti tabwera ndi uthenga wabwino, ndiye ndinanena kuti tabwera ndi bakha wabwino. Anatilowetsa m'nyumba mwansangala, maso ali pachikwama changa.

Pathumba la malaya ndimavala kachikwangwani kakuda kolembedwa kuti Mkulu. Musaseke, ndi mmene amatitchulira kuno. Tsiku lonse timayenda n'kumagogoda pamakomo. Ambiri satsegula. Ena amatsegula kuti aone kaye nkhope imene akufuna kuitsekera.

Nkhani yaikulu ndi iyi. A Pulezidenti a mishoni, amene amatiyang'anira tonse kuno, andipatsa mnzanga. Tikukhala nyumba imodzi, kugona chipinda chimodzi, ndipo lamulo likuti tisasiyane usana ndi usiku. Ndikapita kugolosale alipo, ndikapita kometetsa alipo. Kubafa kokha ndi kumene ndimalowa ndekha, iye ali panja kundikalipira kuti ndikutha madzi otentha. Ndi wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi. Amaphika bwino, agogo, mpunga wake sumatana. Mabatani onse amene anathothoka pamalaya anga wandisokera, ndipo wandiphunzitsa kumanga tayi kuti isamaoneke ngati ndamangidwa pamtengo.

Ngati mungathe munditumizire masokosi akuda. Amene ndinabwera nawo, zala zayamba kusuzumira panja. Mundiuze za kwathu, ndipo mupereke moni kwa amake Namwino.

Amuna anu,
Mkulu

Lachisanu, 21 Febuluwale

A Mkulu,

Ndakupatsani moni ndi manja awiri, poti mwakula. Ine ndili bwino, bondo likudziwa lokha zimene likufuna. Mkulu wa chiyani iwe, amene dzana lomweli unkathawa tambala wa aneba mpaka kukwera patebulo? Tsiku lonyamuka ndinakuyang'ana pachibwano, ndevu zinali zoti munthu n'kuzidziwa mayina.

Kuno mpopi wa pabwalo wayambanso kudontha. Eni nyumba anabwera, anauyang'ana, anapukusa mutu n'kumapita. Akuti abweranso sabata yamawa, ndikuganiza kudzaupukusiranso mutu. Aneba agula wailesi yaikulu, moti tsopano ndimamva nkhani zonse za dziko ndisanafunse. Masokosi ndatumiza. Uziwachapa, usamangowatembenuza.

Tsopano za mnzakoyo. Kalata yako ndinaiwerenga, n'kuiwerenganso nditabwereka magalasi a aneba, kuti mwina anga akunama. Pochoka unandiuza kuti ukupita kukalalikira. Za kupatsidwa munthu sunanene. Ine sindifunsa zambiri, ndine nkhalamba yosaphunzira, koma undiyankhe izi. Makolo ake akudziwa? Unamusankha wekha kapena anangokuikira m'manja ngati chenji? Munayamba mwadziwana? Nanga nkhope yake ndi yoti munthu n'kudya akuiyang'ana?

Mabatani ndakhala ndikukusokera ine zaka zonsezi, sunandilembepo m'kalata. Mpunga wanga umamatana, inde, koma ndi umene unakukulitsa mpaka kukwanira tayi.

Ndine agogo ako, amene kale unkati akazi ako.

Lolemba, 10 Malichi

Akazi anga,

Muli bwanji? Nsanje ya mabatani yafika mpaka kuno, ndipo masokosi afika nayo limodzi. Zikomo kwambiri. Ndinamuwerengera mnzanga kalata yanu ndikumasulira, anaseka mpaka kugona pansi. Akuti akufuna adzakuoneni.

Ndiyankhe mafunso anu. Makolo ake akudziwa, ndipo ndi okondwa. Amayi ake ananditumizira maswiti ndi kakalata konditchula mwana wawo. Kusankha sitisankha tokha. A Pulezidenti amapemphera kaye, kenako amanena kuti uyu akhala ndi uyu. Tinaonana koyamba pokwerera mabasi, ine ndili ndi sutikesi, ndipo usiku womwewo tinagona m'chipinda chathuchi. Za nkhope sindinaziganizirepo, koma amayi a mumpingo amati ndi wooneka bwino kuposa ine, ndiye weruzani nokha.

Poyamba sitinkagwirizana. Iye amafuna zenera lotseka, ine lotsegula. Amapemphera nthawi yaitali mpaka maondo anga amachita dzanzi. Koma sabata iliyonse timakhala pansi n'kuuzana zimene wina wamulakwira mnzake, kenako zimene timakonda mwa wina ndi mnzake. A Pulezidenti amati amene angathe zimenezi, banja silidzamuvuta. Tsopano ndimamukonda, agogo. Tsiku lina ndinakusowani kwambiri, ndinakhala pamasitepe osafuna kutuluka. Sanandilalikire. Anangokhala pambali panga n'kumapukuta nsapato zanga mpaka ndinachita manyazi n'kudzuka.

Tapeza bambo wina wokonza mawotchi amene amatilandira. Kashopu kake ndi kakang'ono, tikalowa tonse awiri iye amakhala pakhomo. Mawotchi ali pakhoma lonse ndipo iliyonse ikunena nthawi yake. Mkazi wake anamwalira chaka chatha. Amatifunsa ngati adzamuonenso, ndipo akafunsa amavala kagalasi kake ka diso limodzi, ngati kuti yankho lathu alitsegula kumbuyo kuti aone ngati likuyenda. Ine chilankhulo chimandithera pakati, mnzanga amapitiriza. Mnzanga akasowa chonena, ine ndimangonena za mayi anga. Tsiku lina nditatero, bamboyo anatiperekeza mpaka pamsewu.

Kuli galu wina mumsewu wathu amene amadana ndi malaya oyera. Mnzanga amathamanga kuposa ine, ndiye buluku limene lang'ambika ndi langa.

Mpopi wakonzedwa? Namwino mukumuona?

Amuna anu

Lachinayi, 27 Malichi

Iwe,

Moni. Ndili moyo. Mpopi ukudontha.

Ndamva zonse. Ndamva kuti apongozi akutumiza maswiti. Ndamva kuti munakumana masana pokwerera mabasi, usiku muli m'chipinda. Ife kale ngakhale nkhuku yogula tinkayamba taimangirira kaye pakhonde kuti izolowere.

Ukufunsa za Namwino. Ali patchuthi. Loweruka anabwera kudzandichapira makatani, anandipaka mankhwala pabondo, anandidula zikhadabo. Akudula choncho akundifunsa kuti agogo, amuna athu alemba zotani? Ine ndinayang'ana kudenga n'kunena kuti alemba za galu. Sindinanamepo kwa mwana ameneyu, wandinamitsa ndiwe.

Umuuze wekha za mnzakoyo. Usadikire kuti amve kwa ena. Ngati tayi yakufinya pakhosi mawu osatuluka, uivule kaye, ulembe, uvalenso.

Agogo ako

Lolemba, 14 Epulo

Agogo,

Muli bwanji? Kalata yanu inali yaifupi, ndikukhulupirira si bondo. Za Namwino musade nkhawa, ndinamuuza kalekale za mnzanga. Anaseka, akuti bola wapezeka wondiphunzitsa kusita malaya.

Masabata apitawa anali ovuta. Mnzanga anayamba kusanza m'mawa uliwonse. Ndikakazinga mazira amathawira pazenera, akuti fungo. Chimene amafuna ndi malalanje okha, ndipo ndasenda malalanje mpaka zala zanga zasanduka zachikasu. Poti sitisiyana, iye akagona inenso ndimakhala m'nyumba, kumuphikira phala, kutaya beseni, kumuwerengera malemba. Phala langa loyamba analiyang'ana n'kufunsa ngati ndalitenga kushopu ya penti. Tinapita kuchipatala, adokotala atamupima anati ndi m'mimba, tisadandaule, zitha zokha nthawi ikakwana.

Ndiye Loweruka kunabwera foni yochokera kwa a Pulezidenti. Mnzanga amutumiza kutauni ina, ine andipatsa wina. Zimatero kuno, pakapita masabata angapo amatisinthanitsa, moti ena pomaliza mishoni amakhala atakhalapo ndi anzawo khumi. Ndinadziwa kuti tsikuli lidzafika, koma zinandipweteka, makamaka poti akupita asanapeze bwino. Ndinamunyamulira sutikesi, ndinamugulira malalanje a panjira. Pokwerera mabasi tonse tinalira, kondakitala mpaka anatifunsa ngati kwagwa maliro.

Mnzanga watsopano ndi wamng'ono kwa ine, wangofika kumene, sadziwa chilichonse, ndiye wophunzitsa ndine. Usiku woyamba analira kufuna kwawo. Kuphika sadziwa, koma ali ndi mawu abwino poimba, ndipo ndikuona kuti tizolowerana msanga. Galu uja wasiya ine, tsopano akuthamangitsa iye.

Wokonza mawotchi wavomera kubatizidwa mwezi wamawa. Wapempha kuti ndimubatize ine. Ndi wamtali komanso wonenepa, ndiye mundipempherere kuti ndikamumiza ndithe kumudzutsa.

Mundilembere yaitali ulendo uno.

Amuna anu

Lachisanu, 2 Meyi

Wafuna yaitali, nayi.

Moni sindikupatsa, ndausunga. Ndimati ndalera munthu. Mwana wa eni ake akusanza m'mawa, akuthawa fungo la mazira, akufuna malalanje, adokotala anena poyera kuti ndi mimba, iwe n'kumunyamulira sutikesi kupita naye kubasi. Unalira, akuti. Misoziyo aphikira mwana? Basi isanakhote n'komwe wina wafika kale m'chipinda, wamng'ono, wodziwa kuimba. Ndipo ukundiuza osachita manyazi kuti ena amafika khumi.

Ndikuuze chimene sindinakuuzepo bwinobwino. Bambo ako nawonso anali munthu waulemu. Tsiku limene anatumiza mayi ako kwa ine ali ndi mimba yako, anamunyamulira chikwama mpaka kubasi, anamugulira nthochi za panjira, anamulonjeza kuti abwera kumapeto kwa mwezi. Mwana wanga anamwalira akuyang'anabe kumsewu basi ikaima. Ine ndinakutenga, ndinakusambitsa, ndinakuphunzitsa kupempha ndi kuthokoza, ndimati magazi aja ndawatsuka. Pamene unalowa mpingo umenewu n'kusiya tiyi, ndinanyoza, koma mumtima ndinati bola, mwana amene akuopa tiyi sangapweteke munthu.

Ukuti Namwino anaseka. Mwana ameneyu amaseka ngakhale jakisoni akumulowa. Kapena unamuuza theka, za kusita malaya, zinazo n'kuzikhalira. Ine sindilola kuti mwana wina wa eni ake aziyang'ana kumsewu. Mawa ndi Loweruka, ndikupita kwa amake kusaluni ndikanene zonse.

Undiuze kumene mwamutumiza woyambayo. Mwana akabadwa abwere kuno. Ndalera mmodzi, wachiwiri sangandikanike, ndipo ameneyu ndidzamulera ndi maso awiri.

Usandilemberenso kuti akazi anga.

Lolemba, 26 Meyi

Agogo,

Muli bwanji? Mwezi watha ndi theka osalandira kalata yanu. Kodi mukudwala? Ngati dzanja likuvuta, pemphani aneba alembe mawu awiri okha.

Namwino nayenso wangoti zii. Lolemba lililonse ndimamulembera, sayankha. Poyamba ndimati ndi mayeso. Kodi kwawo kwagwa zovuta? Kapena ndinalemba china chomukhumudwitsa? Ndawerenganso zonse zimene ndinamutumizira, sindikupeza.

Wokonza mawotchi anabatizidwa. Ndinamumiza n'kumudzutsa bwinobwino, kungoti phazi lake linatulukira pamwamba pa madzi, ndiye tinabwereza. Atatuluka anandigwira mapewa n'kunena mawu amene sindinawamve onse. Ndimafuna kukondwa, koma madzulo ake ndinalibe womuuza kwathu.

Timagogodabe. Masiku ano khomo likapanda kutsegulidwa, mtima umandipweteka mosiyana ndi kale. Mnzanga wamng'onoyu waona kuti sindikudya, wayamba kuphunzira kukazinga mazira. Amapserera, koma ndimadya kuti asakhumudwe.

Chonde mundiuze chimene chikuchitika.

Mdzukulu wanu

Amake Namwino, apa ndilowererepo. Kalata yanga yaukali ija inachedwa chifukwa pa envulopu ndinakana kulemba Mkulu, ndinakananso dzina lake. Ndinalemba kuti Kwa Wosiya Akazi. Kumeneko palibe amene amamva chilankhulo chathu, ndiye inakhala mu ofesi yawo mpaka wina anazindikira sitampa. Yake ya Meyi ndinailandira, koma sindinayankhe, ndinali ndikadali wotupa. Werengani yotsatirayi.

Lolemba, 23 Juni

Agogo anga,

Muli bwanji? Kalata yanu yafika Lachisanu. Ndinayamba kuwerenga nditaimirira. Nditafika pa mimba ndinaseka mpaka mnzanga anandibweretsera madzi. Nditafika pa bambo anga ndinakhala pansi. Nditafika pa saluni kuseka kunatheratu.

Agogo, mnzanga ndi mwamuna. Woyamba uja ndi mwamuna, wachiwiriyu ndi mwamuna, amene adzabwere onse adzakhala amuna. Anyamata amayenda ndi anyamata, atsikana ndi atsikana. M'chipinda muli mabedi awiri, pakati pali tebulo. Kuno mtsikana timangomupatsa moni wa padzanja, basi. Adokotala sanati ndi mimba, anati ndi m'mimba. Tengani kalata ija muyang'ane bwino, pali ma m awiri ndi kachizindikiro pamwamba. Anamwa madzi oipa.

Sabata yatha tinali ndi msonkhano wa amishonale onse, ndipo ndinakumana naye. Wanenepa. Ndatumiza chithunzi, wa kumanzere ndi iyeyo. Lero ndinamuimbira foni n'kumuuza zonse, ndipo wapempha kuti ndikulembereni mawu ake awa:

“Agogo, moni. Ndine amene ndinasoka mabatani. Ndimameta ndevu m'mawa uliwonse, nsapato zanga ndi zazikulu kuposa za mdzukulu wanu. Mwana sindikuyembekezera. Koma palibe amene anandimenyerapo nkhondo ngati mmene mwachitira inu, ndiye ngati malo aja mukusungira mwana akadalipo, ndidzabwera ndine.”

Sindinakwiye nanu. Ndikawerenganso makalata anga ndikuona kuti inenso ndinakuyendetsani mumdima, chifukwa kuno zimenezi aliyense amazidziwa, ndiye ndinaiwala kuti kwathu sizidziwika. Za bambo anga ndikanakonda mukanandiuza tili pakhonde, ine nditakhala pafupi. Koma dziwani kuti amene munamulera si iwo.

Namwino amadziwa kuti mnzanga ndi mwamuna, ndinamuuza tsiku loyamba. Koma inu simunakanene kuti mnzake, munakanena kuti mkazi, ndipo mawu a agogo sangawakayikire. Mauthenga anga satsegula. Kubwera sindingabwere, ndinalonjeza zaka ziwiri ndipo ndizimaliza. Ndatsala ndi inu nokha. Ndakubwezerani makalata anu onse kuti muwaike pamodzi ndi anga, Namwino aone yekha mmene zinayendera.

Mwati ndisalembenso kuti akazi anga, koma pansi apa ndilembabe monga kale.

Amuna anu

Amake Namwino, ndabwereranso ine.

Kalata ya Epulo ndinaitenga, ndinapita nayo pawindo. Ka m kachiwiri kalipodi, ndi kachizindikiro kake kokhala ngati chitosi cha ntchentche. Munthu amene anaika matenda ndi mwana motalikirana ndi chitosi cha ntchentche, ameneyo adzayankha yekha. Chithunzi ndinachiona. Mnzakeyo ndi chimnyamata chakhosi ngati mtondo, manja ngati mafosholo. Koma zithunzi za masiku ano amazikonza, ndiye ndimafuna mboni zoyenda ndi miyendo.

Mumsewu wathu mumadutsa anyamata awiri a malaya oyera a mpingo womwewu. Mumawadziwa, anzawo ndi amene ndinawathira madzi otsukira mbale chaka chatha, nditakwiya kuti mpingo wawo wanditengera mwana, ndipo mbiriyo anaimva. Lachiwiri ndinawadikirira pageti.

“Inu akuluakulu, tabwerani kuno.”

Anayang'ana kaye m'manja mwanga ngati muli beseni.

“Muli bwanji, agogo?”

“Za bwanji tisiye. Iwe wamtaliwe, uyu ndi ndani wako?”

“Ndi mnzanga, agogo.”

“Unamusankha wekha?”

Anamuyang'ana mnzakeyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Ndikanasankha ndekha, agogo, ndikanasankha wosaliza mkonono.”

“Mumagona kuti?”

“Chipinda chimodzi. Aliyense bedi lake.”

“Amaphika ndani?”

Wamfupi anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

“Iwe wophikawe, unasanzapo m'mawa?”

“Mwezi wonse woyamba, agogo. Anati ndi m'mimba.”

“Nenanso pang'onopang'ono.”

Ananenanso. Ndinawalowetsa m'nyumba. Ndinatereka tiyi mwachizolowezi, anakana mwaulemu, ndinawatukwana pang'ono n'kuwapatsa mkaka ndi buledi. Anadya ngati akuthamangitsidwa. Wamfupiyo kolala ya malaya ake inali itatha, wamtali nsapato yake inali itayasama kutsogolo. Ndinawafunsa ngati agogo awo amawalembera. Wamtali anati ake anamwalira. Wamfupi anati ake salemba chifukwa sanafune kuti abwere. Ndinamuuza kuti agogo akewo ndi chitsiru, andipatse adiresi ndiwalembere ine. Pochoka anandikonzera mpopi ndi kachingwe ka labala, ndipo ndawauza kuti azibwera Lachiwiri lililonse kudzadya, bola asandilalikire ndikutafuna.

Tsopano mlandu uli apa. Mawu oti mnzanga savala siketi, savala buluku, amangoyenda choncho. Mnyamatayo naye analemba ngati akulembera anthu a mumpingo mwake. Zonsezo zilipo. Koma amene anavala nsalu yake yabwino Loweruka lija n'kudzaima pakati pa saluni yanu si mawu, ndine. Ndinaona mwana wanu ataima pafupi ndi sinki, thaulo lili m'manja, ndipo sanalire, anangolipinda bwinobwino n'kuliika pampando n'kutuluka. Ndimati ndikumupulumutsa.

Ndikupempha ziwiri. Loweruka likubwerali, saluni ikadzaza, muzimitse chowumitsira tsitsi chija chimalira ngati ndege, muwerenge makalatawa mokweza kuyambira poyamba mpaka pano. Amayi aja anatenga nkhani yanga n'kupita nayo kumsika, kutchalitchi ndi kuchigayo, atengenso iyi apite nayo komweko. Akafuna kundiseka andiseke, ndidzakhala pabenchi yapanja kuti asavutike kundifunafuna.

Mukatha, muwabwezere mu envulopu, chithunzi chikhale pamwamba, mutumize kwa Namwino kusukulu. Sindikuti akwatiwe naye. Mdzukulu wangayu makutu ake ndi otambalala, amadya mochedwa, ndipo nthabwala zake amayamba kuseka yekha asanamalize. Mwana wanu akafuna kumukana, zifukwa zilipo zambiri, asankhepo chimodzi mwa zimenezo. Asamukanire pakamwa panga.

Mukawerenga musasunge m'kabati. Perekani kwa mwini wake.

Ndine agogo a Mkulu